Mwala Uli Pakati Pathu

Nyatate,
Nyanga.
23 Novembala 1997

Okondedwa achimwene a Garikai,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti msana ndi zala sizili zanga. Mukaona zilembo zikupita chokhota musadabwe, khungu la kunsonga kwa zala latha ndi miyala ndipo cholembera chikundipulumuka. Komanso mukudziwa kuti sukulu ine ndinangoinunkhiza.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Simenti ija inafika bwino. Kondakitala anaitsitsa pasitolo monga munamuuzira, ine n'kuikweza kuno pa ngolo. Ndikudziwa kuti munadzimana kuti muitumize. Ndanena zimenezi poyambirira kuti zimene zikubwerazi musazimve ngati kusayamika.

Mukukumbukira zimene ndinakulemberani mu Ogasiti, kuti mwana wathu Shamiso wayamba kuyenda ndipo sakonda malo ena koma khoma la abambo la kuseri kwa nyumba, lija logwira phiri kuti lisatsikire pabwalo. Mpata uliwonse wa pakati pa miyala iye ankapisamo dzanja mpaka m'chigongono. Tsiku lija ndinamupeza akukoka khungu limene njoka inafundula, akuseka ngati watola riboni. Amake anati ndi kanjoka kodya mbewa, ine ndinati ndi mphiri, ndipo mpaka lero sitinagwirizane. Inu munayankha kuti nditseke mipata yonse ndi simenti monga mumachitira kuntchito kwanuko, nkhani ithe.

Ndinatseka, achimwene. Mawu a abambo sindinawaiwale ayi, aja ankati khoma la miyala lizikodza, losakodza limatupa. Anali m'khutu mwanga nthawi yonse imene ndinkaponda matope a simenti. Koma dzanja la mwana lili m'bowo linali m'maso mwanga, ndipo maso anapambana khutu. Ndinamata kuyambira pangodya ya khitchini mpaka pa mpichesi, losalala ngati la kuchipatala. Anthu odutsa ankaima n'kumati pano pasanduka tauni. Ine kwa nthawi yoyamba ndinkatha kupita kudimba osacheuka.

Kenako kunagwa chizimalupsa kumapeto kwa mwezi watha. Sinali mvula yoopsa, inangowaza osalekeza, nkhungu ili phiri lonse. Itakata ndinazungulira kuseri kukaona mbuzi, ndipo ndinapeza mng'alu wochokera pamwamba mpaka pansi, khoma litatulutsa mimba ngati mayi wa pakati. Mimbayo inali moyang'anizana ndi zenera la chipinda chimene Shamiso amagona. Ndinatenga nyundo n'kuboola pansi pake. Madzi anatumphuka ofiira mpaka kundinyowetsa mawondo, ndipo anatuluka kwa nthawi yaitali. Madzi onse a m'phiri amene kale ankadutsa m'mipata osaoneka ndinali nditawatsekera kuseri kwa khoma, akukankha.

Ndinatulutsa mphasa ya mwana n'kukaiyala kukhitchini, koma mukudziwa mmene pakhomo pano pakhalira, khitchini nayo ili pansi pa khoma lomwelo. Ndinauza mkazi wanga Ruramai kuti atenge mwana apite kwa amayi ake kutsidya kwa mtsinje. Anakana. Anati, "Ndipite kwathu ndi mwana ndi katundu, anthu aziti mwandibweza? Inu konzani khoma lanu, ine ndili pompano."

Choncho ndinayamba kuphwasula mbali yotupayo. Apa ndiye ndinadziika m'madzi enieni, chifukwa nditachotsa miyala dothi la phiri linatsala pamtunda, lonyowa, lopanda choligwira. Kale linali khoma lodwala, tsopano linali bala lotseguka. Ndipo masana aliwonse mitambo inkaunjikana kumapiri a kum'mawa, n'kubalalika, mawa lake n'kuunjikananso yakuda kuposa dzulo. Ndinayenda m'mudzi kufuna amuna. Ena ali kocheka matabwa, ena anapita kokumba golide kumalire, otsalawo ndi okalamba kapena ali kalikiliki m'minda ya mbatatesi. Aliyense ankati mawa. Ndinawerengera ndi maso n'kuona kuti ndekha mvula yobzalira indipeza ndili m'chiuno mwa khoma.

Ruramai ndiye anati, "Ndiphunzitseni. Manja ndili nawo, nkhuni ndimasenza zolemera kuposa timiyala tanuti."

Achimwene, kusanja miyala ndimadziwa, koma ndinazindikira kuti kuphunzitsa ndi ntchito ina. Akanyamula mwala, ine ndaona kale kuti sukhala pamene akupita nawo, ndiye ndaulanda. Akaika wina, ndisanalankhule dzanja langa lautembenuza kale. Dzuwa lisanafike pamutu iye anali asanaike ngakhale umodzi umene unakhala osakhudzidwa ndi ine. Anapukuta manja pa chitenje n'kuti, "Bambo a Shamiso, mwandiitanira ntchito kapena mwandiitanira kudzaonerera? Mwala uliwonse ndikagwira mwalanda. Manganitu nokha." Ndinamuyankha mawu osakhala bwino, akuti nthawi yosewera palibe. Analowa m'khitchini, ndipo tsiku limenelo ndiwo zinalibe mchere.

Sindinadziwe kuti watuma mawu kutsidya. M'mawa mwake ndili pa maziko ndinamva moni pabwalo, kucheuka ndi apongozi, mayi ake a Ruramai, ali ndi mlamu wanga Sekai, mng'ono wake wa Ruramai, onse atavala nsapato zakumunda. Ndinaponya nyundo, kunjuta chapatali n'kuomba m'manja monga mwa mwambo. Ndinkayesa abwera kudzatenga mwana. Atayankha moni, apongozi anamanga nsalu m'chiuno, anapita pa mulu wa miyala n'kusankha umodzi waukulu ndithu, wautali, wankhope yosalala.

Sekai anandiyang'ana n'kuseka. "Alamu, akuti mumalanda miyala. Kalandeni uwo tione."

Inu mukudziwa, chikwatirire ine sindinagwirepo dzanja la mayi amenewa, sindinakhalepo nawo mphasa imodzi, ngakhale kudutsa pafupi pamene aima sindidutsa. Ndipo ndinkaona ndi maso angawa akuika mwala uja molakwika, molakwika mwa munthu aliyense woyamba. Anaugoneka m'litali motsata khoma kuti nkhope yokongola ija ionekere kunja, mchira osalowa m'phiri. Mwala wotero umaoneka bwino lero, chaka chamawa dothi likakankha umagubuduka n'kutenga anzake onse a pamwamba. Ndipo anauika m'munsi, moyang'anizana ndi zenera lija.

Manja anga ananyamuka okha. Ndinawabweza n'kuwagwiranitsa kumbuyo, lamanja litagwira lamanzere zolimba ngati ndagwira wakuba. Ndinanong'oneza Sekai kuti, "Mlamu, auzeni amayi kuti mwalawo autembenuze."

"Ali ndi makutu awo. Auzeni nokha, mwamuna wanga," anatero mwa nthabwala za pachilamu, mokweza dala.

Ndingawauze bwanji apongozi kuti mwalakwitsa? Ndinakhala chonjuta thukuta likutsika, mitambo ikuunjikana, iwo akusankha kale mwala wachiwiri woti asanjike pamwamba pake. Pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene sindinachiganizepo chimwalirire abambo. Kodi inu munawaonapo akugwira mwala umene ine kapena inu taika? Ine sindikukumbuka. Ankangokhala pa chitsa ndi fodya wawo n'kuti, "Takwerapo."

Ndinaomba m'manja n'kuti, "Amayi, pepani, ndimapempha mutaponda pamwalapo, chakunsonga kunoku."

Anandiyang'ana cham'mbali, n'kuponda. Mwala unagwedezeka n'kuweramira kunja, iwo anachita kugwira phewa la Sekai kuti asagwe. Anauyang'ana kanthawi. "Ukufuna kuthawa uwu," anatero.

"Eya amayi. Ulibe chougwira kumbuyo."

Anawerama, anauzungulitsa okha mpaka mchira unalowa m'phiri, kunja kunangotsala kankhope kakang'ono konyansa. Anapondanso, anadumphapo pang'ono. Unali zii ngati unamera pomwepo.

"Ndiye chokongola chibisike, chonyansa chionekere?" anafunsa.

"Ndi mmene abambo ankachitira, amayi."

"Ngati ukwati," anatero, n'kupita kukatenga wina. Ruramai anali ataima pakhomo pa khitchini ndi mwana kumsana. Anamasula mwana n'kumukhazika pa mphasa pakati pa bwalo, n'kubwera pa mulu wa miyala.

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda mwa mtundu wina. Ine ndinatenga mbali ya ku mpichesi, iwo atatu mbali ya ku zenera, ndipo ndikafuna kuona zawo ndinkaima chapatali manja ali kumbuyo. Popeza sindikanatha kulanda wa apongozi, zikanaoneka zoipa kulanda wa mwana wawo iwo akuona, choncho ndinangotsala ndi pakamwa, n'kumanena kuti "Takwerapo" ngati abambo. Ndinapeza kuti zambiri zimene manja anga amadziwa ndinalibe mawu ake, ndinachita kuwafunafuna. Sekai anasanja miyala yake mpata pamwamba pa mpata, mzere woongoka kuchokera pansi, ndipo ndinati umodzi ukhale pa iwiri, iwiri ikhale pa umodzi. Iye anati alamu mwayamba masamu. Apongozi ndiwo anamuuza kuti, "Iwe, dengu umaluka bwanji? Nsungwi imagona pa inzake yomweyo?" Anamva pompo, n'kuphwasula yekha akung'ung'udza.

Ruramai anapezeka kuti ali ndi diso la kupendekeka. Khoma lotere liyenera kutsamira phiri pang'ono pamene likukwera, ndipo iye ankaona msanga kuposa ine likayamba kuimirira chilili. Anandiuza kawiri kuti mbali yanga yadzuka. Koyamba ndinatsutsa, nditakaima pangodya ndinapeza akunena zoona. Sanandisiye. Mpaka lero akandipatsa madzi osamba amati, "Takwerapo."

Tsopano za simenti yanu. Yonse imene ndinamata ndinaigumula ndi nyundo, mbali yotupa ndi yosatupa yomwe. Zidutswa zake sitinataye. Kumbuyo kwa miyala ikuluikulu timathiramo timiyala ting'onoting'ono totsekera kuti isasunthe komanso madzi azipeza njira, ndipo zidutswa za simenti zinagwira bwino ntchito imeneyo. Ndiye simenti yanu ilimo m'khoma, achimwene, kungoti ili m'kati, siikuoneka. Sekai atandifunsa chifukwa chake sitikutseka mipata ndi dothi, ndinayamba kuzungulira, poti mawu a abambo aja sindikanawatchula pamaso pa apongozi. Ndinati khoma liyenera kupuma, liyenera kutuluka thukuta. Apongozi osadzutsa mutu anati, "Akutanthauza kuti lizikodza. Bambo awo ankanena pamowa aliyense akumva." Sekai anakhala pansi ndi kuseka, ine ndinapita kukaona mbuzi zimene zinalibe vuto.

Lachinayi lapitali ndiye linali tsiku loopsa. Khoma linali litafika pachifuwa, pamene pamafunika miyala italiitali yolowa m'kati mwa phiri, yomanga zonse pamodzi. Unatsala umodzi, waukulu kuposa yonse, wa mbali ya ku zenera. Dzuwa litapendeka mphepo inasintha, kunazizira mwadzidzidzi, ndipo mvula tinkaiona ikubwera ngati chinsalu choyera kutsika phiri la kutsidya. Sekai anali atapita kumtsinje ndi ndowa, Ruramai anathamangira kukaanula chimanga ndi kutenga mwana. Pakhoma tinatsala awiri, ine ndi apongozi. Ndinayesa kuunyamula ndekha, unafika m'mawondo n'kundigonjetsa. Ndinayesanso, msana unalira. Popanda mwala umenewo madzi akanalowa pamwamba pa dothi lofewa lija n'kukankha zonse zimene tinasanja.

Ndinangoona mapazi awo aima patsogolo panga. "Gwirani uko, ine ndigwire kuno," anatero.

Ndinati, "Amayi, sizingatheke, tidikire Ruramai."

"Mvula ikudikira Ruramai? Mwala uli pakati pathu, ulemu wake ndi womwewo. Nyamulani."

Tinanyamula, achimwene. Ine maso ali pansi, iwo akupuma mwamphamvu, mwala uli pakati. Tinaukweza pa bondo, kenako pamphepete, n'kuukankha mpaka mchira unalowa. Madontho oyamba anagwa tili kuthira timiyala kumbuyo kwake ndi manja. Iwo anapita kukhitchini. Ine ndinalowa nawo mpaka pakhomo, koma sindinathe kukhala. Ndinatulukanso n'kukaima pamvula kutsogolo kwa khoma, thumba lili kumutu.

Inagwa yeniyeni, ya matalala pang'ono. Madzi ankatsika m'phiri ofiira, kufika pamwamba pa khoma n'kuzimirira. Ndinadikira. Kunja kwa khoma kunali kouma m'munsi, ndipo mtima wanga unkati alowa koma sakutuluka, tatseka penapake, litupanso. Ndinaika dzanja pa mwala woyamba uja wa apongozi kuti ndimve ngati ukusuntha. Kenako pansi pake panatuluka kamadzi, kochepa ngati ka m'tiketulo. Kenako pena, kenako pena, mpaka m'munsi monse munali kuchucha, madzi n'kulowa mu ngalande kumapita kudimba. Palibe mwala unagwedezeka. Ndinaimabe mpaka inakata. Nditalowa Ruramai anandipatsa mahewu, apongozi ali kuyang'ana kumbali akuwotha moto, Shamiso ali m'tulo pamiyendo pawo.

Musaganize kuti mtima wakhala pansi. Mipata yabwerera, ndiye kuti njoka nayo ikhoza kubwerera. Ndalambula udzu wonse pamwamba ndi pansi pa khoma, nkhuni ndazisamutsira kutali, ndipo apongozi atipatsa mphaka wawo kuti athe mbewa, poti njoka imatsata mbewa. Komabe m'mawa uliwonse ndimayenda khoma lonse ndi kamtengo, kusuzumira mpata ndi mpata. Ruramai akuti ndidzatha maso.

Dzulo apongozi akunyamuka kubwerera kwawo, Shamiso anatsika pakhonde n'kulunjika kukhoma. Ine ndinali nditanyamuka kale kuti ndikamunyamule, koma iwo anakhosomola, ndipo ndinaima. Mwana anafika pafupi, anaima, n'kuika timanja take kumbuyo, lina litagwira linzake. Anayamba kuyenda motsata khoma pang'onopang'ono, mimba patsogolo, nkhope itakwinyika, akusuzumira mpata uliwonse osaugwira. Atafika pa mpichesi anagwedeza mutu n'kubwerera chimodzimodzi. Sekai anati, "Alamu, kapitawo wina uyo." Masiku onsewa anali pa mphasa paja akundiona, ndipo akuganiza kuti pakhoma munthu amaima choncho. Lero wachitanso kawiri. Sindikudziwa ngati zikhalitse, ndi mwana, mawa akhoza kuiwala. Koma ndikakhala naye kuseriko manja anga sindiwachotsa kumbuyo, ngakhale mphuno iyabwe.

Tsopano zopempha zanga. Simenti ina musatumize. Ngati mungathe, mupezereko Shamiso tinsapato ta mphira tofika m'mawondo, phazi lake ndi lotalika ngati chala changa chapakati ndi theka, mugule tokulirapo. Chachiwiri ndi chachikulu. Khoma lilibe chipewa. Miyala ija yapamwamba yotsendereza, ikuluikulu imene munakweza inu ndi abambo ine ndili wamng'ono, ndinaitsitsa pophwasula ndipo kuikwezanso kwatikanika. Apongozi sindingawanyamulitsenso, kamodzi kaja kakwana, ndipo ndikuona akuyenda atagwira m'chiuno ngakhale sakunena. Ndaikapo yaing'ono yogwirizira, ipirira mvula ya Disembala, koma ya Januwale mukuidziwa. Miyalayo yagona pansi pa mpichesi. Imafuna amuna awiri odziwana kanyamulidwe, ndipo amene anaikwezapo kale watsala ndinu nokha.

Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo Khirisimasi zingapo zapita tikukuyembekezani pa basi. Sindikudandaula. Ndikungoti chaka chino pali ntchito.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti mapichesi abereka kwambiri ndipo adzakhala atapsa. Moni kwa ana onse. Ruramai akupereka moni, akuti chipinda chanu achikolopa ndipo denga silikudontha. Sekai akuti mubwere ndi masiwiti, apo ayi musatsike basi. Shamiso sakudziwani nkhope, koma ndikamufunsa kuti bambo aakulu ali kuti amaloza kumsewu. Usiku akugonabe kukhitchini. Ndidzamubwezera kuchipinda chake tsiku limene inu ndi ine tidzakweze mwala womaliza, inu n'kukwerapo.

Ndine mng'ono wanu,
Kudzanai